Lipoti Lopanda Mpumiro

Lamulungu lina mu Febuluwale 1997, pochokera ku Misa ku Guilleme, Imelda anapeza bambo ake, a Kefasi Mbewe, atakhala pakhonde ndi pepala m'manja. A Kefasi ankayendetsa lole yonyamula feteleza pakati pa Lilongwe ndi Chipata. Masiku asanu m'mbuyomo anali atagunda munthu wa njinga atangodutsa pa Kamwendo. Munthuyo, mlimi wa ku Mkanda dzina lake Rabson, anathyoka mwendo ndipo anali m'chipatala. Eni lole ankafuna lipoti la m'Chingerezi pofika Lachiwiri.

Imelda ankaphunzitsa Sitandade 7. Anali mmodzi mwa aphunzitsi amene analembedwa ntchito mothamanga sukulu zapulayimale zitakhala zaulere. Bambo ake anamupempha kuti angowaonera ngati mawu analembedwa molondola, basi.

Mawuwo analibe vuto lalikulu. Koma tsamba lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, linalibe mpumiro ngakhale umodzi. Imelda anawapempha kuti aliwerenge mokweza. Pofika mzere wachinayi mpweya unawathera, ndipo anaima pakati pa mawu, n'kuseka mwamanyazi.

Imelda anatenga pensulo nakhala pambali pawo. Anawafotokozera monga ankachitira m'kalasi: pamene pali wochita ndi chimene wachita, ganizo n'kumveka lathunthu, chimenecho ndi chiganizo, ndipo sichingangogundana ndi chinzake. Pamafunika mpumiro, apo ayi mawu olumikiza. Anayamba kudula limodzi. Ananyamuka ku Chipata m'mamawa, mpumiro. Msewu unali wonyowa, mpumiro. A Kefasi sanachedwe kugwira nzeru yake, mwakuti m'malo ena ankaloza okha ndi chala.

Pakati pa tsamba chalacho chinaima. Panali polembedwa kuti: the bicycle came from the left I did not see him I had not slept for two days. Imelda anaika mipumiro itatu. Atatero, chiganizo chomaliza chinatsala chokha, choonekera kwa aliyense: anali asanagone masiku awiri.

A Kefasi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati sizikanatheka kuika mpatuliro chabe, kuti mawuwo apitirire monga analiri. Imelda anayankha kuti mpatuliro pawokha sungagwire ziganizo ziwiri zathunthu. Ngati sankafuna mpumiro, asankhe mawu olumikiza, monga aja otanthauza koma, ndipo, kapena chifukwa.

"Ndiye iweyo ungaikepo ati?" anafunsa.

"Ine kunalibeko, bambo. Amene mukudziwa ndinu."

Mayi ake a Imelda anadutsa ndi nkhuni, n'kuwayang'ana onse awiri. Pomaliza a Kefasi anayamba kufotokoza zimene anali asanauze apolisi ngakhale mkazi wawo. Bwana wa malole anawabweza ku Chipata tsiku lomwe anafika ku Lilongwe, ati alimi akudikira feteleza wobereketsa. Iwo sanakane, poopa kuti lole iperekedwa kwa wina. Pa malire a Mwami anachedwa pamzere, osagona. Za njingayo ankakumbukira phokoso lokha. Sankadziwa ngati maso awo anali otsegula.

"Ndinazilemba, koma sindinkafuna kuti munthu aimepo," anatero. "Ndimati angodutsa."

Imelda anamva chisoni, komanso mantha. Ankadziwa kuti akanatha kufufuta chiganizocho lipoti n'kukhalabe Chingerezi chabwino, ndipo ana atatu a m'nyumbamo anali adakali pasukulu. Anawauza zimenezo mosabisa. Bambo ake anagwedeza mutu kuti amva, komabe anatenga pensulo m'manja mwake. Anafufuta mpumiro wa pakati pa ziganizo ziwiri zomalizazo, n'kulembapo because, kutanthauza chifukwa, ndi dzanja lawo. Kenaka anamuuza kuti awonjezere chiganizo china chachifupi, chonena amene anawatuma ulendo wachiwiriwo.

Imelda anakopera lipotilo papepala loyera, ndipo linatuluka ziganizo khumi ndi zinayi. Lachiwiri a Kefasi anakwera minibasi kukalipereka okha.

Patatha milungu iwiri anachotsedwa ntchito. Anamva kuti bwana uja anangodzudzulidwa, koma sanachoke. A Kefasi anabwerera kumunda wa mtedza umene kwa zaka zambiri ankaulima mkazi wawo yekha, ndipo chaka chimenecho zinthu zinavuta ndithu pakhomopo.

Rabson atatuluka m'chipatala, a Kefasi anapalasa njinga mpaka ku Mkanda kukamuona. Anamupeza akuyenda ndi ndodo, fodya wake atachedwa kuthyoledwa. Anakhalako masiku atatu akuthandiza kusoka fodyayo m'chigafa. Atabwerako sanafotokoze zambiri. Anangouza Imelda kuti Rabson ndi munthu wosakonda kuyankhula, ndipo mwendo wake ukugwira pang'onopang'ono.