Tayala Losaphulika

"Ikaninso china," anatero Gideon.

Rajab, wokonza njinga wa pa Masasa, anasiya kupopa n'kumuyang'ana. Anali atang'amba kale chubu chakale n'kuchiyala m'kati mwa tayala, monga ankachitira onse opalasa m'misewu ya fumbi, kuti munga ukalowa usafike pa chubu cha mpweya.

"Achimwene, chimodzi chakwana. Mukufuna njinga kapena thirakitala?"

"Ikani. Mudulenso tayala lakutha lija, mulowetse m'kati. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe."

"Ilemera ngati ngolo. Walira mvula walira matope, ndakuuzani."

Gideon sanaseke. Masiku amenewo kuseka kapena kukwiya zinali zitamuthera, ankangodzuka, kupalasa, kubwerera. Ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya khofi inali itatha, ndipo chimene anatsala nacho chinali njinga ya mapiri ya matayala onenepa, imene anagula kwa mzungu wina wophunzitsa ku Katoto pobwerera kwawo. Mpikisano wa njinga wa chikondwerero cha ufulu unali mawa lake. Atatu oyamba ankatengedwa kupita ku Blantyre, ndipo kumeneko makampani ankawalemba ntchito kuti aziwapalasira. Gideon anali atatsogolapo kawiri, ndipo kawiri konseko tayala linamuphwera pa miyala ya ku Lupaso, anzake n'kumudutsa iye atagwada ndi zigamba m'manja.

Ndi mkazi wake Keziya anapangana mosakangana. Chaka chino akapanda kulowa pa atatuwo, njinga igulitsidwe, nyumba ya lendi aibweze, apite kwawo ku Rumphi kukalima fodya.

Rajab anachita zimene anauzidwa. Tayala linavuta kulowa pa limu mpaka anachita kuliponda ndi chidendene. Atatha analidina ndi chala, chala n'kubwerera.

"Ili ngakhale msomali uchita manyazi," anatero. "Pitani. Kuthamanga sikufika."

"Yewo chomene," anayankha Gideon, n'kukankha njinga yake.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu ndi mvula yowaza, kuzizira kwa July kolowa m'mafupa. A Yufi a malaya ofiira anayenda pamzere kuona makhadi a chipani, amayi ovala nsalu zofanana akuimba kumbali. Percy, mnzake amene ankagwira naye ku esiteti, ananyamula njinga ya Gideon pang'ono n'kuitula msanga.

"Adada, mwaikamo simenti? Too heavy iyi!"

"Koma siiphulika."

Wapolisi anaimba wenzulo, opalasa onse ananyamuka. Pa phula Gideon anali pakati pa gulu. Atakhotera ku fumbi, msewu unayamba kukwera, ndipo pamenepo ndi pamene anamva kulemerako. Ankaponda chopalasira, njinga n'kumayankha mochedwa ngati mwana wotumidwa akugona. Anasintha giya, anaimirira, anapondanso. Ntchafu zinatentha, kenako zinachita dzanzi.

Pa miyala ya ku Lupaso anadutsa osachepetsa liwiro, osazemba ngakhale mwala umodzi. Matayala anangoti gu! gu! n'kupitirira. M'mbali mwa msewu anaona anthu awiri atatembenuza njinga zawo, wina akuluma chubu ndi mano. Anadikira kuti mtima wake usangalale. Sunasangalale.

Chitunda chomaliza chinali chachitali, chamatope ofiira omata. Apo Percy anamudutsa, matayala ake opyapyala okhala ndi zigamba zambirimbiri akuuluka. Anamudutsanso wina, ndi winanso. Gideon ankawaona misana ikuchepa m'nkhungu. Sanatukwane, sanapemphere. Anangopalasa, chifukwa miyendo inali isanauzidwe kuti ileke.

Anafika wachisanu. Munthu wa chimkuzamawu anali atayamba kale kuitana mayina a atatu aja, ndipo palibe amene anacheukira njinga imene inalowa pambuyo. Percy anabwera akupuma mwawefuwefu, atakulunga bulangeti la mphoto pakhosi.

"Pepani chomene, adada. Mukanakhala ndi matayala a chaka chatha, sindikanakuonani n'komwe."

"Ukapite bwino ku Blantyre," anatero Gideon. Mawuwo anatuluka osalala, ngati akuwerenga chikwangwani.

Sanakwere pobwerera. Anaikankha njingayo kudutsa mumsika mpaka ku Masasa, matope akuuma m'miyendo. Rajab anamuona patali, anatsegula pakamwa kuti amuseke, koma ataona nkhope yake anaweramira tcheni chimene ankatsuka.

Keziya anali pakhonde akufinya zovala za mwana wawo Rhoda. Anayang'ana mwamuna wake akubwera wapansi, ndipo nkhope yake inafewa ndi chisoni chimene anachizolowera.

"Awiske Rhoda, laphulikanso? Miyala ya ku Lupaso ija ndi ya ufiti, ine ndinanena."

Gideon anaima. Zaka ziwiri zija ankabwera ndi chubu chong'ambika, kuchionetsa kwa mkazi wake ndi kwa aneba, onse n'kumavomereza kuti munthuyu ndi katswiri koma alibe mwayi. Akanatha kungovomera ndi mutu, Keziya sakanadina tayala.

"Yayi," anatero. "Silinaphulike."

"Nanga?"

"Ndinafika nambala faifi. Matayala ali bwinobwino."

Keziya anayang'ana matayalawo, madzi akudontha pa malaya a mwana amene anali nawo m'manja. Anafunafuna mawu omutonthoza nawo, koma onse amene ankawadziwa anali a munthu wophulikiridwa tayala.

Gideon anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kukhala pa sitepe osavula nsapato zonyowa.

"Ukawauze eni nyumba kuti mwezi uno ndi womaliza," anatero. "Ine ndikafunsa lole ya ku Rumphi."