Anatsogola Ndani ku Joni?

Ndinalota nditabwereranso ku Joni, ku kachipinda kanga kakale kaja. Kiyi anatsegula bwinobwino, koma pansi panali ponyowa, pakununkhira sopo. Pabedi panali patakhala Mayi Nachisale, aneba athu kuno ku Ndirande, akupinda zovala zanga, chikwama chili chitsekere m'manja mwanga.

"Mwafika bwanji kuno, mayi?"

"Poti simutsanzika, ndinangotsogola," anatero akumwetulira. Anandipatsa tiyi wozizira ngati madzi a mumtsuko, n'kumandiyang'ana pakhosi kuti ndimeze.

Mwina ndi maloto chabe. Komatu za ulendo wa ku Joni womwe ndikukonzawu ndinauza mkazi wanga yekha, monong'ona. Nanga bwanji m'mawa uno mayiwa, akusesa pakhomo pawo, andifunsa kuti, "Achimwene, basi yanu ndi ya Lachinayi, eti?"