Mapiritsi Oyera ndi Achikasu

Lachiwiri m'mawa, dokotala wachilendo anafotokoza m'Chingerezi chothamanga kamwedwe ka mankhwala a mtima a akazi a Aphunzitsi. Aphunzitsi, amene anapuma ntchito chaka chatha, anagwedeza mutu katatu. Anangotolapo theka, koma akanafunsa bwanji pamaso pa akazi awo, amene kwa zaka makumi atatu akhala akunyadira Chingerezi chawocho?

Masana kunyumba, mayiwo anakhala pabedi, kapu ya madzi ili m'manja.

"Bambo, oyerawa ndimwe angati? Mzungu mnzanu uja anati chiyani?"

Aphunzitsi anayang'ana timapepala tiwiri ta mapiritsi, oyera ndi achikasu. Zolemba za dokotala zinali ngati mapazi a nkhuku. Ankakumbuka kuti pa mtundu umodzi dokotalayo anagogoda tebulo pochenjeza. Koma mtundu uti?

"Awiri," anatero.

Mayiwo anakweza dzanja kukamwa. Aphunzitsi anawagwira mkono mwamphamvu, madzi n'kutayikira pabulangete.

"Musamwe, mayi. Sindinamve zimene ananena."

Mayiwo anayang'anitsitsa mapiritsi aja, kenako amuna awo.

"Ndiye mukanandiika m'manda chifukwa cha manyazi? Valani nsapato. Kuchipatala ndikafunsa ndekha, m'Chichewa."