Ndani Anasoka Makatani a M'basi?

"Makatani awa anasoka ndi mkazi," mayi anatero, atapana mpendero wa nsaluyo ndi zala ziwiri ngati chinthu chotola m'ngalande. "Bambo anu ndinakhala nawo zaka makumi atatu. Sindinawaonepo atagwira singano, ngakhale batani la malaya awo lithothoke."

Ana awo awiri anangoyang'anizana. Onse atatu anali ataima m'kanjira kopanikiza ka basi yakale, kuseri kwa galaja, patangotha masiku anayi chiikireni maliro. Basiyo ndiyo inali nyumba ya malemuwo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ankangowatchula kuti Adalaivala, poti moyo wawo wonse unathera pachiwongolero, ndipo atapuma pantchito nyumba yosayenda inawakanika. Ankadzuka mbandakucha n'kumasuntha mipando pabalaza, kupezera chifukwa chilichonse. Tsiku lina mayi atatopa nazo anawauza kuti ngati nyumba ikuwapana akagone m'basi. Mwamuna wina akanangoseka. Adalaivala ananyamula chikwama, n'kukagula basi yakufa injini, ndipo sanabwererenso.

Mayi nawo, kuuma mutu kwake komweko, sanapondeko phazi. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ankatero anthu akamawanyengerera. Lero anabwera ndi cholinga chimodzi. Panja, munthu wogula zitsulo zakale anali atakhala pa tayala ndi makina ake odulira, kudikira mawu awo. Mayi anali atamuuziratu kuti akangopeza chizindikiro cha mkazi m'basimo, aiduledule tsiku lomwelo, pasatsale ngakhale nati.

"Amayi, makatani amagulitsa osokasoka m'masitolo," anatero mwana wachisamba, mwamuna wamtali ngati bambo ake, yemwe sankafuna kuti basiyo idulidwe.

"Iwe khala chete. Unkabwera kuno mwezi uliwonse, osandiuza kanthu. Amuna pa nkhani zotere mumafunda bulangete limodzi."

"Zoona, achimwene," mlongo wake anathirira ndemanga. Uyu anali chitsirizira, wogwira ntchito mu saluni, ndipo nkhani za amuna achinyengo ankazimva tsiku ndi tsiku kuchokera kwa amayi omangitsa tsitsi. "Inuyo mukudziwa zinazake. Taonani mmene mukuphethiraphethiramo."

"Ndikuphethira chifukwa cha fumbi."

"Fumbi lake liti? Muno mulibe fumbi. Vuto lake ndi lomwelo."

Pamenepo chitsirizira sananame. M'basimo munali mowala moti munthu n'kuvula nsapato. Mipando yonse inachotsedwa kupatula wa dalaivala. Pansi panali matabwa opalidwa bwino, tebulo linali lopindira kukhoma, ndipo mashelefu oikapo zikwama za apaulendo anasanduka mosungira zovala. Makapu anapachikidwa pa timbedza, mbale zinatchingidwa ndi kathabwa kuti zisagwe pamabampu, chikhalirecho basiyo inalibe ndi matayala omwe, inakhala pa njerwa. Pafupi ndi khomo, m'chigoba cha nyali yakutsogolo, munali duwa lofiira lothiriridwa bwino.

"Duwa!" mayi anaseka kuseka kowawa. "Munthu yemwe ankaimika galimoto pamaluwa anga."

Chitsirizira anapita kumbuyo kumene kunali bedi. Ananyamula mapilo awiri, n'kuwanunkhiza limodzilimodzi. Lina linali lophwaphwatika, lonunkha sopo ndi girisi. Linalo linali lofufuma, losanunkha kanthu. Anatsekula madirowa apansi pa bedi. A mbali imodzi anali odzaza malaya a bambo ake. A mbali inayo anali opanda kanthu, atayalidwa mapepala oyera.

"Wasamutsa kale katundu wake," anatero motsimikiza. "Atangomva za imfa anathamangira kudzakokolola. Ndi pilo lomwe anachapa. Mkazi ameneyu ndi wochenjera."

"Mlongo, ukapeza tsitsi uti mkazi. Ukapanda kupeza utinso mkazi. Ndiye bambo apulumukira pati?"

"Utsi sufuka popanda moto, achimwene. Bwerani muime apa."

Anamukokera pa kalilole wokhomedwa pakhoma. Wachisamba anangoona mabatani a malaya ake.

"Mwaona? Bambo anali a msinkhu wanuwu. Ankameta ndevu poyang'ana pamchombo? Ine makalilole ndiyo ntchito yanga. Uyu anakhomera munthu wamfupi. Sinki nayo ndi yotsika."

"Ndi zoona," wachisamba anavomera monyinyirika. "Ankatsuka mbale atawerama ngati akupepesa."

Mayi anawakankha onse awiri n'kuima pa kalilolepo. Nkhope yawo inakwana ndendende, kuyambira duku mpaka chibwano. Wina akanaimapo kaye n'kuganiza. Koma mtima umene wasunga mkwiyo zaka zisanu ndi chimodzi sufulumira kuutaya, uli ngati munthu wokakamira nsapato yomuluma poti anaigula yekha.

"Anachita kusankha wa msinkhu wanga," mayi anatero. "Kundinyoza kwake kumeneko. Makatani awa ndiyamba kudula ndekha, zitsulo zibwere pambuyo."

Anatembenuka, dzanja lawo n'kupita pa dirowa yachiwiri kumanzere kwa sinki. Anaikoka, kupisa mkati mpaka kumapeto osayang'anamo, n'kutulutsa sizasi.

"Amayi," chitsirizira anafunsa pang'onopang'ono, "mwadziwa bwanji kuti sizasi ili mmenemo?"

Tsopano diso lake la nkhwezule linatembenukira kwa mayi.

"Kapena mumabwera kuno mobisa? Mwatinamiza zaka zonsezi?"

"Usandilankhule zopusa. Ndinabwera liti?"

Anayang'ana sizasi ija, n'kuyang'ana dirowa. Kenaka anatambasula dzanja pashelefu yam'mwamba, kuseri kwa chitini cha shuga. Mchere unalipo. Pazenera panali kachitini kopanda chivundikiro, ndipo asanakagwire anadziwa kuti muli machesi. Chotsekulira mabotolo chinali chomangidwa ndi chingwe pamwendo wa tebulo. Nzeru imeneyo inali yawo, anaiyamba ana ali aang'ono, atatopa n'kuchifunafuna.

"Iyi ndi khitchini ya kunyumba," chitsirizira ananong'ona.

"Ndiye kuti anamuphunzitsa mkaziyo kuika zinthu ngati ine?" mayi anatero, koma mawuwo anatuluka opanda mano.

Anakoka katani kuti adule, ndipo pofuna poyambira anaitembenuza kunsi. Kumaso inali yooneka bwino. Kunsi kunali manyazi okhaokha. Ulusi unali wokhuthala, uja amasokera zikopa za mipando ya galimoto, ndipo msoko unkapita uku ndi uku ngati mapazi a woledzera. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali mfundo yaikulu yopota kawiri. Mfundo imeneyo mayi ankaidziwa. Inali yomangira katundu padenga la basi, ndipo Adalaivala ankamangira chilichonse, ngakhale thumba la buledi.

Anaika sizasi patebulo. Kenaka anakhala pabedi, mbali ya pilo losagonedwa.

"Iwe," anatero osayang'ana mwana wawo wamwamuna. "Nena zimene ukudziwa."

Wachisamba anakanda m'mutu. "Ankangondifunsa tinthu. Kuti amayi ako mchere akuikabe paja? Makatani apabalaza anasintha mtundu? Ine ndinkayesa nkhani zongocheza. Nditazindikira, anandiletsa kunena. Ankati basi sinathe kukonza, ikatha adzakuitanani okha."

"Zaka zisanu ndi chimodzi, sinathe?"

"Nthawi zonse pankatsala kanthu kena. Mwina penti, mwina mahinjesi."

"Chitsiru cha munthu," mayi anatero, ndipo misozi imene inakana kutuluka kumanda inatulukira pomwepo. "Kusoka makatani ndi manja onga makasu aja anatha. Kuyenda mphindi makumi awiri kudzagogoda pachitseko, ayi. Ankaopa kuti ndimuluma?"

"Mukanawaluma, amayi," chitsirizira anatero akusisima.

"Ndikanamuluma, inde. Koma ndikanabwera."

Kunja kunamveka kugogoda pakhoma la basi. "Mayi, dzuwa likupita," wogula zitsulo anaitana. "Tiyambe?"

Mayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kuyenda mpaka pakhomo. "Pepani bambo, nyamulani makina anu. Palibe chodula pano."

Munthu uja ananyamuka akung'ung'udza kuti amutayitsa tsiku. Mayi anafuna kutsika kuti akamupepese bwino, koma anaima. Basi yokhala pa njerwa ndi yaitali, ndipo maondo awo anali atayamba kalekale kukana masitepe. Pokwera, ana anachita kuwakankha ngati thumba.

"Dikirani, mayi, musadumphe!"

Anali makanika, mwini galajayo, akubwera chothamanga uku akupukuta manja pa ovolosi. Mmene mayi ndi ana awo ankafika n'kuti iye atapita kukagula zipangizo.

"Mukanandidikira pokwera paja," anatero. Anagwada, kulowetsa dzanja pansi pa khomo, n'kusolola sitepe yachitsulo yopindika imene inabisika mmenemo. Inali yopentedwa zobiriwira, pentiyo alibe ndi kachipsera komwe. "Adalaivala ankangodumpha. Ife tonse anatiletsa kupondapo. Anati woyamba ndinu."

Mayi anagwira chitseko, n'kutsitsa phazi. Linafika msanga kuposa mmene ankayembekezera, bondo osawawa. Atafika pansi anaona m'mbali mwa khomolo mabowo a mabawuti, awiriawiri, otsika mumzere.

"Nanga mabowo onsewa? Ankaphonya poboola?"

"Amene aja kuphonya? Ayi, mayi. Chaka chilichonse ankaimasula n'kuitsitsako pang'ono. Ankati mukukula."

Mayi anawerama movutikira. Anaika chala pa bowo lam'mwamba, lomwe linali litachita dzimbiri, n'kutsika nalo limodzilimodzi mpaka pa lam'munsi, pomwe chitsulo chinali chikuwalabe.