Masikono Onunkha Kaunjika

Mayi a Tamandani anatsika pa kabaza atanyamula jumbo ya masikono a dzulo, naikhazika patebulo la Dainess popanda ndi moni womwe.

"Ama, tanyemani limodzi mununkhize."

Mayiwa anali a ku Mulanje, ndipo anali ndi tiyirumu pafupi ndi esiteti ya rabala. Anthu ocheka mitengo ya rabala ankamwera tiyi kumeneko m'mawa uliwonse, ndipo masikono onse ankachokera mu uvuni wa Dainess pa Mpamba. Kunena zoona, tiyirumu imeneyo ndiyo inkadyetsa banja la Dainess.

Dainess ananyema, nanunkhiza. Iye anangomva shuga ndi majarini.

"Simukumva? Anthu anga akuti ndikuwadyetsa masokosi a azungu! Ndi fungo la kaunjika ili, ama. Mawa zikabweranso chonchi, ine ndiyang'ana kwina."

Gwero la fungolo Dainess ankalidziwa. Mvula itayamba, kashedi komwe mwamuna wake Vincent ankasungiramo zovala za ana za kaunjika zomwe ankagulitsa kanayamba kudontha. Mkuluyo anangosenza mabelo ake n'kukawaunjika m'kachipinda ka fulawa, thumba ndi belo kutsamirana ngati pachibale. Tsono fulawa ndiye sasankha, fungo lililonse amangomwa.

Anamupeza Vincent pakhonde akuyala timadiresi ndi timakabudula pa pulasitiki.

"Bambo a Yewo, zovala zanuzi zandiwonongera fulawa. Tizitulutse, tizichape, ziwombedwe mphepo."

"Kuchapa?" Vincent anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mayi a Yewo, malonda angawa ndi fungo lomwelo. Mzimayi asanafunse mtengo amayamba wanunkhiza. Akamva sopo amati, aa, izi wavula Yewo wanu, si za m'belo. Mukufuna ndigulitse chiyani?"

"Nanga ine ndigulitse chiyani? Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. M'chipinda muja mutsale fulawa yekha."

"Ndikhome kaye malata a shedi."

"Malata aja munayamba kuwakhoma pakamwa Yewo asanamere mano."

Vincent anali atatembenukira kale kwa mzimayi wina amene ankatambasula kajuzi. Dainess anapsa mtima, koma sanafune phokoso pamaso pa ogula. Anangolowa m'nyumba, nagubuduza mabelowo yekha mpaka kuchipinda chogona, nawakankhira kuseri kwa bedi. Ngati ndi fungo lodyetsa anthu, agone nalo mwini wake.

Koma fulawa anali atamwa kale, ndipo anali wambiri, woti sangatayidwe. Dainess anamusefa, namuyanika pamphasa pafupi ndi uvuni kuti apitidwe mpweya. Pokanda anawonjezera majarini, nakwecheramo makoko a mandimu. Masikono anatuluka ofiira bwino, otupa, ochititsa kaso.

Ananyema limodzi, nanunkhiza nthawi yaitali. Palibe chimene anamva. Anapatsa Vincent.

"Awa ndiye masikono!" anatero Vincent, masaya ali tutumu. "Amayi aja amangofuna muwatsitsire mtengo. Fungo lili kuti apa?"

Dainess anapatsanso Yewo, mwana wawo wamkazi, yemwe anadya n'kupempha lina. Pamenepo mtima unakhala pansi. Chimene sanachiganizire n'chakuti onse atatu anali anthu a nyumba imodzi. Zaka zonsezi ankadzuka ndi kaunjika, kuvala kaunjika, kupuma kaunjika. Mphuno zawo zinali zitasiya kalekale kulimva fungolo.

M'mawa Laston, bambo wa kabaza amene ankatumidwa masiku onse, anamangirira dengu la masikono panjinga n'kunyamuka. Dzuwa lisanakwere anali atabwerera, dengu lili chidzazire, nsalu yokha ndiyo inali itavundukulidwa mbali imodzi.

"Akuti yewu chomene, zikomo kwambiri, ama," anatero Laston akuyang'ana pansi. "Akuti si udani ayi. Koma alankhula kale ndi wophika wina wa ku boma, ndiye aziwabweretsera kuyambira mawa."

"Analawa?"

"Sanachite kulawa. Angovundukula."

Vincent anamva zonse ali pakhonde. Anaimirira mwakachetechete, natenga hamala ndi misomali, nalowera ku shedi. Posakhalitsa malata anayamba kulira.

Dainess sanamuyang'ane n'komwe. Anakhala kaye pampando, manja ali pamiyendo. Zinamuwawa, komanso anachita manyazi, poti iye anali munthu wonyadira zophika zake. Kenako anakhuthulira masikonowo m'beseni, napinda nkhata, nasenza kupita kumsewu kumene amaima maminibasi a ku Mzuzu.

Anasankha kuima kumapeto kwenikweni kwa siteji, pamene minibasi imakhala itayamba kale kuyenda. Munthu wogulira pawindo amanyema sikono lake atafika kutali, ndipo sabwera kudzabweza.

"Masikono otentha!" anakuwa Dainess, maso ali kumbali.