Malo Amene Anasankha Mutlaq

"Ine mundimange nsalu kumaso, mukanditaye pakati pa mchenga wa Nafudi, ndingonunkhiza kawiri n'kukuuzani pokhoma tenti," anatero Mutlaq, akudzimenya pamimba poti chifuwa chinali patali. "Chipululu ndimachidziwa kuposa nkhope ya mlongo wanu, alamu."

"Nkhope ya Wadha mumaiona nthawi yanji, inu maso ali pafoni tsiku lonse?" anafunsa Sattam.

Mutlaq anali mwamuna wa Wadha, mlongo wake wa Sattam. Ankagulitsa matayala mumzinda wa Hail, ndipo mchenga umene ankaudziwa bwino ndi uja ankasesa pakhomo pa shopu m'mawa uliwonse. Koma tsiku limenelo Sattam analibe mtima wotsutsana naye. Bambo ake, a Jazaa, anadwala sitiroko miyezi isanu m'mbuyomo. Mwendo ndi dzanja la kumanja zinafooka. Lilime, adokotala ankati linachira kalekale, kungoti mwini wake sankafuna kuligwiritsa ntchito. Munthu amene anaweta ngamila zaka makumi anayi tsopano ankangoyang'ana khoma, mbale ikabwera n'kuikankha. Adokotala anali atanena mosabisa kuti sabata imeneyo ikatha asakudyabe, awagoneka m'chipatala n'kumawadyetsera papaipi ya m'mphuno.

Amayi ndiwo anati, "Mvula yagwa, kuthengo kwachita maluwa. Kawagonekeni kunja bambo anuwa, mwina mphepo ingawakumbutse njala." Mutlaq atamva, sanadikire kupemphedwa. Anatseka shopu Lachinayi masana, tsiku la malonda, n'kubwera ndi pikapu yake yoyera.

Kumsika wa matenti anazunza wogulitsa, mkulu wina wofatsa dzina lake Awwad. Hema wakuda wa ubweya wa mbuzi anamukana, ati ngolemera ngati ngongole ya boma ndipo ikagwa mvula amanunkha mwini wake. Katenti kodzitambasula kokha ukakaponya pansi anakaseka. "Aka n'kogonamo alendo a makabudula, obwera kudzajambula dzuwa. Ife tili ndi munthu wamkulu." Atapeza tenti yachinsalu chokhuthala, yotseguka mbali yonse ya kutsogolo, anabwereka mpando, n'kukhalapo, n'kulamula Sattam kuti amukoke kulowa ndi kutuluka katatu.

"Mukuchita chiyani, akulu?" anafunsa Awwad.

"Ndikuyesa ngati njinga ya olumala ya apongozi anga ingadutse osakodwa. Inu mumagulitsa nsalu, ine ndikugula ulemu wa munthu."

Sattam anayang'ana kumbali. Za njingazo iye mwini mwana sanaziganize. Mlamu wake anapitiriza kusankha: zikhomo zazitali zachitsulo poti zazifupi mchenga umazilavula, mkeka wokhuthala, mitsamiro yoyedzamira, mbaula, chinsalu chotchinga mphepo. Polipira Sattam ndi Mutlaq anakankhana manja, aliyense akufuna kupereka ndalama zake, mpaka Awwad anatopa n'kulandira za amene anali ndi mkono wautali, ndipo ameneyo anali Mutlaq.

M'mawa mwake ananyamuka onse asanu. Phula litatha, Mutlaq anatsika n'kuphwetsa matayala pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ngati akumvera chinsinsi. Apa ndiye panalibe womuposa, ndipo galimoto inayenda pamchenga ngati bwato. Malo oyamba abwino anawakana chifukwa anali m'khwawa. "Madzi akabwera sagogoda." Achiwiri anali ndi anthu, majenereta ndi wailesi. Achitatu anawapeza dzuwa litakwera: kachidikha pakati pa milu iwiri ya mchenga wofiira, maluwa ofiirira ali waa, mtengo wa minga uli pakati ndi mthunzi wake, nthaka yolimba ngati anachita kuipondaponda.

"Mwaona? Pansi posalala, mphepo palibe, munthu palibe. Ndipo onani, Mulungu watisungira ndi motsukira mbale." Mutlaq analoza migolo isanu ndi umodzi yodulidwa pakati, itandandalikidwa chapafupi ndi mtengowo.

Sattam anatembenuka kuti aone bambo ake. A Jazaa anayang'ana migolo ija nthawi yaitali, kenako pansi, kenako galimoto imene anakweramo. Mbali yamoyo ya milomo yawo inagwedera.

"Bambo, pano pali bwino?"

Mkuluyo anagwedeza mutu kuvomera, mwamphamvu ndithu. Miyezi isanu yonse anali asanayankhepo funso la munthu. Sattam anayamba kumasula zingwe zimene zinali zomasula kale.

Njinga inakana kuyenda mumchenga, choncho Mutlaq anawabereka apongozi ake kumsana, akuwefuka, akuwauza kuti ayenera kudya chifukwa akupepuka ngati tayala la njinga ya mwana. Tenti inaima. Zikhomo zinalowa mpaka m'khosi. Anayala mkeka, anawayedzamiritsa a Jazaa pamitsamiro moyang'ana maluwa, khofi ananunkhira. Amayi ndi Wadha anatenga timitengo n'kukwera mulu wa mchenga kukafuna bowa wa m'chipululu amene amabisala pansi mvula ikagwa ndi ziphaliwali.

Sattam anawapatsa bambo ake kakapu ka khofi ndi zipatso zitatu za kanjedza. Kakapuko anakalandira, anakanunkhiza, koma sanamwe. Kanjedza anangomuyang'ana. Maso awo anali padzuwa, ngati munthu wodikira basi.

"Musawakakamize," ananong'oneza Mutlaq akutakasa mpunga wa nyama ya nkhosa. "Mpunga wangawu anadyapo munthu wosala kudya, n'kukapepesa kwa Mulungu pambuyo pake."

Ataswali swala ya chakumadzulo, chakudya chinapsa. Mutlaq anachikhuthulira mumbale yaikulu, nyama pamwamba. Azimayi aja sankaoneka. Anaitana, mawu ake anamezedwa ndi mchenga. Foni inalibe netiweki.

"Kuchipululu timaitana chonchi," anatero. Analowetsa mkono pawindo la pikapu n'kuliza hutala katatu, motalikitsa.

"Lizanso."

Onse awiri anatembenuka. Mawuwo anali okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, koma anatuluka m'kamwa mwa a Jazaa.

"Alamu, mwamva? Ayankhula. Ayankhula ndi ine!" Mutlaq anagona pahutala ndi thupi lonse, mpaka mbalame zinathawa mumtengo.

A Jazaa anakoka mkanjo wa mwana wawo ndi dzanja lamanzere. "Nditulutse muno. Tipite apo, pamwamba. Tenga mbale."

Sattam sanafunse. Akanamuuza kuti awanyamule mpaka ku Hail wapansi, akanawanyamula. Anawabereka n'kukawakhazika pakamtunda, mapazi makumi atatu kuchoka patenti, n'kubwerera kukatenga mbale ya mpunga. Mumtima ankangothokoza, osadziwa kuti ayambe ndi ndani, Mulungu, amayi, kapena chimunthu chaphokoso chimene chinali chikulizabe hutala kumusiko.

"Bambo, tathawa chiyani?"

"Migolo ija njodyeramo ngamila," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, akusankha mawu ngati wowoloka mtsinje pamiyala. "Mwini ngamila amabwera nthawi ino. Pikapu yoyera, matumba a balere. Akafika amaliza hutala."

Pansi panayamba kunjenjemera. Pamwamba pa mulu wa mchenga wa kumpoto panatulukira khosi limodzi lalitali, kenako asanu, kenako sizinawerengekenso. Ngamila zinatsetsereka ndi liwiro, milomo ikulendewera, ana ali pambuyo, zonse zitalunjika pagalimoto yoyera. Mutlaq anasiya hutala. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kukwera padenga la pikapu ndi changu chimene mimba yake inali isanachionepo.

Yoyamba inapisa mutu m'mgolo, inapeza mbale zakuda. Yachiwiri inapisa mutu kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa thumba la anyezi. Zotsalazo zinaganiza kuti balere wabisidwa mutenti. Zinalowera khomo lotakasuka lija zitatu nthawi imodzi, yachinayi inakodwa pachingwe n'kuchikoka, ndipo zikhomo zazitali zija zinagwiradi ntchito yake, sizinazuke. Inang'ambika ndi nsalu, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Alamu, ziuzeni kuti si ine mwini wake," anakuwa Mutlaq, ngamila yaikazi ikumununkhiza m'matumba. "Apongozi, zikudziwani inu izi, tayankhulani nazo."

Sattam anamva phokoso lachilendo pambali pake n'kuchita mantha kuti bambo ake atsamwa. Ayi, ankaseka. Ankaseka ndi theka la nkhope, misozi ikutsikira m'ndevu, dzanja lamanzere lili m'mbale likuumba mpunga. Anaponya mkamwa, anatafuna, n'kubudula nyama.

Kumusiko mzati wapakati unapendekeka, tenti yonse inagwa khwaa, ndipo ngamila imodzi inatuluka itavala chinsalu kumutu, ikuthamangira kumene dzuwa limalowera.