Duwa la Pansi pa Windo

Dzanja linatera paphewa la Atolankhani foni ikadali m'mwamba. Anali ataima pamwala wawo wa masiku onse kunja kwa mpanda, chala chili pafupi kudina, maso ali pa maluwa ofiira a m'bwalo la eni.

"Lero lokha ndakugwirani," anatero mlonda wa mumsewumo, akupuma wefuwefu pomwe anangochoka pampando wake wa pamphambano. "Masiku a mbala ndi makumi anayi. Tsikani pamwalapo, amayi."

"Mbala yake iti, achimwene? Yovala nsapato zakutchalitchi?"

"Zilipo zonyamula ndi buku la nyimbo lomwe. Bweretsani foniyo."

Dzina la Atolankhani anawapatsa ndi ana awo. Ntchito yawo inali yosoka, ndipo nyuzipepala ankaigwira pofuna kudulira patani basi. Koma chilandirireni foni ya kamera kwa mwana wawo wamkulu, maliro a bambo atangotha, mayiwa sankadutsa duwa osalijambula. Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankakwera minibasi n'kumayenda okha: kupaki, kutsogolo kwa hotela, ngakhale pabwalo la chipatala pamene anzawo amadutsa mothamanga. Ulendo unkathera panyumba imeneyi nthawi zonse.

Inali nyumba ya kampani imene amuna awo ankagwirako ntchito, ndipo anakhalamo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Bambo atamwalira, kampani inawapatsa miyezi itatu kuti asamuke. Mipando, mapoto ndi makina osokera zinakwera lole, koma maluwa onse amene anadzala ndi manja awo anatsala. Tsopano ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya utoto, pabwalo pali simenti yokhayokha, popanda ndi udzu womwe. Munda wawo wonse unali m'foni imene mlonda anali ataifumbata ngati wagwira nkhuku yothawa.

"Nyumba ziwiri zathyoledwa mwezi uno," anatero mlondayo uku akumenya geti. "Anthu achenjezana kale pafoni za mayi wojambula nyumba za eni. Mukafotokoze nokha."

"Pakadafunda padajiwitsa galu," anadziuza Atolankhani chamumtima. Manyazi anawagwira.

Anatsegula geti ndi mayi wachitsikana, mwana wa miyezi ngati khumi ali m'chiuno. Anatuluka msanga, nkhope ili ngwee, koma ataona kuti ndi mlonda, nkhopeyo inagwa.

"Madamu, munthu wanu uja ndi uyu. Afufute zonse pamaso pathu, apo ayi tipite kupolisi."

"Tiyambe taona kaye," anatero make mwana. "Lowani, amayi. Dzuwali si loimapo munthu wamkulu."

Patatha chaka ndi theka, Atolankhani anapondanso pabwalo lawo lakale. Anayesetsa kuti asayang'ane pansi pa windo la kuchipinda, koma maso alibe mpanda. Pamene panali duwa lawo lachikasu panali simenti yatsopano ndi kadenga ka malata koimikapo galimoto. Galimotoyo panalibe.

Anakhala pakhonde. Make mwana anayamba kutsegula zithunzi ndi chala, mlonda atasuzumira paphewa lake kufuna umboni. Maluwa a kupaki. Maluwa a kuhotela. Mtengo wa maluwa oyera pafupi ndi mlatho. Mtsikanayo anayamba kuseka.

"Koma amayi, maluwa okhaokha? Anthu mulibe m'foni muno?"

"Anthu sachedwa kunyamuka, mwanangu. Duwa limakudikira mpaka umalize."

"Akuba amayamba choncho," anatero mlonda. "Duwa kutsogolo, windo kumbuyo. Ine ntchitoyi sindinayambe dzulo."

Make mwana anasekanso, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anali atafika pa zithunzi za nyumba yake. Anakulitsa chimodzi ndi zala ziwiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anakulitsa china. Mwana anamukoka ndolo, iye osamva.

"Achimwene, bwererani kuntchito," anatero osadzutsa mutu. "Awa ndi alendo anga."

"Chabwino. Koma mukadzabedwa musadzati mlonda anali m'tulo."

Geti litatsekeka, mtsikanayo anawalozera Atolankhani pagalasi la foni. "Ameneyu ndi ine."

Mayiwa anapukuta mandala awo ndi kansalu, n'kuwerama. Kuseri kwa maluwa ofiira, kutali pakhonde, kunali kamunthu kakang'ono katakhala pampando. M'chithunzi chotsatira kanaliponso, tsopano kali ndi pakati. M'china kanali pawindo. M'china kanali ndi khanda m'manja, kakuyang'ana kugeti. Malamlungu onsewo, nyengo ya mvula ndi ya dzuwa, munthuyo anali yekha, ndipo galimoto sinaonekemo ngakhale tayala.

"Mulungu ndi mboni, sindinakuoneni," anatero Atolankhani. "Ine maso anga amathera pa duwa."

"Mwaonetsa ndani zithunzizi?"

"Ndimatumiza pagulu la ana anga." Anatsegula gululo kuti aone yekha. Zithunzi zinali ndondondo, tsiku ndi tsiku la Mulungu, pansi pake popanda yankho. "Wamkuluyu kale ankaikako kachala koimika. Wamkaziyu anati zikumudzazira foni. Musaope, mwanangu. Chinsinsi chikafuna pobisala, chibwere pagulu la ana anga."

Anafuna kuti mtsikanayo aseke, koma iwo eni sanathe kuseka. Anali asananenepo zimenezi kwa munthu, ndipo atazimva ndi makutu awo anazindikira kuti zinkawapweteka kwambiri.

Make mwana anakhazika mwanayo pansi, n'kumupatsa makiyi kuti aziseweretsa.

"Amayi anga amadziwa kuti ndili pabwino," anatero. "Anzanga amati ndinatola chikwama. Akafunsa za bambo ake a mwanayu, ndimati ali kuntchito. Ntchito yakeyo, amayi, ili ndi ana awiri, wina wayamba sukulu chaka chino." Anabwezera maso pafoni. "Sindikukuopsezani ngati mlonda uja. Ndikupempha. Zimene ndilimo ine, tifufute. Foni imatayika, imabedwa, imapita kokonzetsa. Sindikufuna kuti wina adzandione chonchi."

Atolankhani anagwedeza mutu, n'kumusiyira foniyo. Anakhala manja ali pamiyendo, akuona Malamlungu awo akuzimirira limodzilimodzi. Sanadandaule kwambiri, chifukwa maluwa ofiirawo anali pomwepo ndipo akanaphukanso. Koma chala cha mtsikanayo chitafika pa chithunzi chachikasu, anamugwira dzanja.

"Icho chokha ayi."

"Bwanji, amayi?"

"Duwali linali apo," analoza pasimenti paja. "Malemu bambo analibweretsa lili kamtengo ngati pensulo, atalikulunga m'pepala lonyowa. Analithyola m'munda wa abwana awo. Moyo wawo wonse munthu ameneyo anaba chinthu chimodzi chokha, ndipo sabata yonse sanagone poopa kuchotsedwa ntchito. Ankati likadzafa duwali ndiye kuti mlandu watha." Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso. "Kuchokera pampanda paja linali patali, zithunzi zinkangotuluka mbuu. Chinatuluka bwino n'chimenechi chokha. Mvula inali itangokata."

Make mwana anagwira pakamwa. "Bambo ake a mwanayu anabwera ndi amisiri miyezi iwiri yapitayo. Akuti galimoto yawo isamapse ndi dzuwa. Chiimikireni kadengako, yagonapo kawiri."

"Ndinaona. Ndinafika mizu ili m'mwamba pamulu wa zinyalala, itauma kale."

Anawerama onse awiri pafoniyo. Duwa linalidi lokongola, maluwa asanu ndi awiri otambasuka, madontho a mvula akadali pamasamba. Koma pakati penipeni pa nthambi, kuseri kwa galasi la windo, panali nkhope. M'zithunzi zina zija mtsikanayo anali kamunthu kakutali. Muno ankaoneka bwinobwino, dzanja lili patsaya, maso otupa ngati walira usiku wonse. Anayesa kudula chithunzicho m'mbali, uku ndi uku, koma nkhopeyo inali pakati pa maluwa. Kuichotsa kunali kuchotsa duwa lomwe.

"Sungani, amayi," anatero potsiriza, akuwabwezera foni. "Ndi chimodzi chokha. Adzachiona ndani?"

Ananena bwino, koma sanawayang'ane. Ananyamula mwana wake n'kumubisira nkhope m'khosi.

Atolankhani anachiyang'ana chithunzicho. Miyezi yonseyi ankachitsegula m'mawa asanapalase makina, ndipo ankaona mwamuna wawo akulowa pageti mozemba, kapepala konyowa kali m'thumba la jekete. Anayesa kumuonanso. Anayesa kuwerenga maluwa aja. Koma maso ankangothamangira pawindo, pa mwana wa eni amene analira iwo ataima pamwala, mtunda wongoponya mwala, akusankha poima bwino kuti dzuwa lisawononge chithunzi. Windo limenelo ankalidziwa. Nawonso anaimapo choncho miyezi itatu yomaliza ija, ndipo akanadana naye munthu wowasunga m'foni ali m'maonekedwe amenewo.

Anasankha kufufuta, foni inafunsa ngati atsimikizadi. Anadina.

"Amayi!"

"Basi, mlandu wa malemu watha," anatero, akuika foni m'chikwama. Mtima unkawawa ngati achotsedwanso m'nyumbamo kachiwiri, ndipo sanafune kuti mtsikanayo awaone akulira. Ananyamuka.

Make mwana anawaperekeza mpaka pageti. "Ofiirawa akufota," anatero. "Ndimathirira tsiku lililonse, koma kaya."

"Mumathirira dzuwa lili pamutu, ndimakuonerani pa masamba. Komanso akufuna kudulira."

"Ine sinditha."

Atolankhani anatsanzika. Anakwera minibasi, n'kukafika m'chipinda chawo kukadali kowala. Sabata imeneyo anasoka mayunifolomu khumi ndi awiri ndi diresi la ukwati la munthu wonenepa amene ankalumbira kuti aonda pofika tsikulo. M'mawa uliwonse dzanja linkapita lokha pafoni, n'kubwerera. Pagulu la ana sanatumize kanthu, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake.

Lamlungu lotsatira sanapite kupaki kapena kuhotela. Anatsika pamphambano, m'chikwama muli sizasi yawo yakale imene inasiya kudula nsalu.

"Amayi a maluwa!" anakuwa mlonda ali pampando wake. "Lero simukwera pamwala?"

"Ndakusiyirani inu, achimwene, muzionera akuba patali."

Anaupitirira mwalawo n'kukaima pageti. Kadenga kaja kanali kopanda galimoto. Anagogoda katatu, ndipo nthawi yomweyo anamva chitseko cha m'nyumba chikutseguka, mapazi akuthamanga pasimenti. Anadziwa amene mtsikanayo ankaganiza kuti wabwera, choncho anakweza mawu asanafike pageti.

"Musathamange, mwanangu. Ndine."

Mapazi aja anaima kanthawi. Kenako anayambanso kuyenda, pang'onopang'ono, kubwera kudzatsegula.